Utsi wa Pamafuwa ndi Mpweya wa Mudzi Wonse

Mafumu athu olemekezeka a m'dera lino la Mfumu Kalembo, magulupu ndi anyakwawa, mashehe ndi abusa, aphunzitsi ndi alangizi a zaumoyo, amayi ndi abambo, ndiponso inu anyamata ndi asungwana amene mwakhala chakumbuyoko, ndikuthokozani kuti mwasiya makasu, mabenchi a pamsika ndi ntchito za pakhomo kuti mudzamve mawu amene ndakutengerani pano pa Ulongwe lero.

Nkhani yanga ndi ya chinthu chimene sitigula pamsika, sititunga pamjigo ndiponso sitisunga m'nkhokwe, koma chimene tikachisowa kwa mphindi zowerengeka zokha mudzi umamva mfuu ya maliro. Ndikunena mpweya umene tikupuma tonse muno. Munthu wamkulu amakoka mpweya woposa malita 10,000 tsiku lililonse, ndiyo migolo 50 ya malita 200, ndipo ngakhale madzi akumwa timawathira mankhwala ndi kuwavundikira, ngakhale chakudya timachipeta ndi kuchisankha chisanafike pamoto, mpweya wokha timangoulandira monga wabwerera, osaufunsa kumene wachokera kapena chimene wanyamula. Akulu anati safunsa anadya phula. Koma alipo anthu m'mayunivesite, kunja ndi kuno kwathu, amene ntchito yawo ndiyo kufunsa mafunso amenewo, ndipo zimene apeza zikukhudza mafuwa a pakhomo panu. Mawu anga ndawagawa panayi: choyamba, zimene zili mu utsi ndi m'fumbi, chachiwiri, zimene ophunzira anapeza m'mapapo ndi m'makhitchini a Amalawi, chachitatu, phunziro lowawa la ku Chikwawa ndi ku Karonga, ndipo chachinayi, ntchito imene yatigwera ife eni mudzi.

Choyamba, tsono, kodi mu utsi muli chiyani? Mayi aliyense amene anasefapo ufa adziwa kuti m'chimanga chosinja mumatuluka zinthu zosiyana kukula kwake: madeya amachoka popeta, misere imatsala pamwamba pa sefa, ufa wosalala umapyola pansi, ndipo pali kaufa kena kosalalitsa kamene sikagwera m'lichero konse, koma kamangoyandama m'mwamba kufikira kadzatera pansidze ndi paduku. Mpweyanso uli chimodzimodzi, pakuti mumayandama tizidutswa touma ndi timadontho tamadzimadzi, timene ophunzira amatitcha aerosol, ndipo tili tosiyana kukula kwake. Fumbi la kamvuluvulu wa mu Okutobala, kapena limene galimoto imautsa pamsewu wopita kudoko la ku Mvuu, ndilo misere yake. Limatilowa m'maso ndi kutiyetsemulitsa, koma Namalenga anaika alonda pakhomo pa thupi, ndiwo ubweya wa m'mphuno, mamina ndi chifuwa chotsokomola, ndipo alonda amenewa amaligwira fumbi lotere ndi kulitaya kunja. Amene amawapitirira alondawo ndi kaufa kosalalitsa kaja, ndiko kunena tizidutswa ta mu utsi, timene akatswiri amatilemba ndi chizindikiro cha PM2.5, tating'ono kotero kuti mutatindandalika 30 ndiye tingafanane ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi la m'mutu mwanu. Timeneti timatsika mpaka kutimatumba ta pansi penipeni pa mapapo, kumene mpweya umakumana ndi magazi, timatupitsa ndi kupsereza njira za mpweya, timafooketsa mphamvu ya mapapo yolimbana ndi tizilombo ta chibayo, ndipo pakupita kwa zaka timavutitsa mtima ndi mitsempha ya magazi.

Fumbi lalikulu limagwa pansi posachedwa, koma tating'onoti timakhala m'mwamba masiku ambiri ndi kuyenda ndi mphepo mtunda wautali, kufikira mvula itatikokolola. Inu nomwe ndinu mboni, pakuti mu Seputembala ndi Okutobala mapiri a kutsidya kwa Shire amabisika m'nkhungu yotuwa ndipo dzuwa limalowa lili psuu, koma ikangogwa chizimalupsa m'mawa mwake mapiri omwewo amaoneka ngati asendera pafupi. Sikuti tizidutswa tonse ta m'mwamba ndi adani athu, pakuti m'chaka cha 1880 munthu wina wa ku Scotland, John Aitken, anaonetsa kuti dontho lililonse la mtambo limayamba kuumbika pa kachidutswa kotere, mwakuti mumlengalenga mukadakhala mbee mitambo ya mvula ikadavuta kupangika. Choipa ndicho kuchuluka kwake pamene pali mphuno za anthu.

Dziko linaphunzira zimenezi ndi misozi. Mu Disembala 1952 utsi wa malasha unaphimba mzinda wa London kwa masiku asanu, anthu pafupifupi 4,000 anamwalira m'masiku omwewo, ndipo owerengera a pambuyo pake anapeza kuti onse amene utsiwo unawatenga anafika cha m'ma 12,000. M'chaka cha 1956 nyumba ya malamulo ya kumeneko inakhazikitsa lamulo loletsa utsi m'mizinda. M'chaka cha 1993 ophunzira a pa yunivesite ya Harvard ku America, atalondola moyo wa anthu oposa 8,000 m'mizinda isanu ndi umodzi kwa zaka zoposa khumi, anaonetsa kuti ngakhale utsi wochepa, wosachititsa mantha poupenya, umafupikitsa moyo ukamapumidwa chaka ndi chaka. Ndicho chifukwa chake bungwe la zaumoyo la dziko lonse, la WHO, m'chaka cha 2021 linatsitsa muyezo wake, nkunena kuti m'bokosi la mpweya la mita imodzi mbali zonse musamapitirire ma microgram 5 a tizidutswa timeneti pa chaka, kapena 15 pa tsiku limodzi, pamene microgram ndi gawo limodzi la galamu yogawidwa ka 1,000,000. M'khitchini ya mafuwa, nthawi imene nsima ili pamoto, muyezo umenewu umakwera kufika m'mazanamazana.

Chachiwiri, titembenukire kwathu kuno. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, zoposa 90 zimaphikira nkhuni kapena makala, kotero nkhaniyi si ya anthu ena akutali, koma ya mayi amene amawerama pamafuwa m'mawa, masana ndi madzulo, akuuzira moto ndi pakamwa, misozi ili chuchuchu, mwana ali kumbuyo, mutu wake uli pomwe utsi ukudutsa. Kwezani maso m'khitchini ya pakhomo panu, muone udzu wa kudenga ndi mitengo ya phaso mmene yadera bii ndi mwaye wolendewera; chimene chadetsa denga chija chinayamba chadutsa pamphuno pa wophika.

Zimenezi zinaonedwa ndi maso pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene madokotala Duncan Fullerton ndi Stephen Gordon pamodzi ndi anzawo anapempha anthu 57 athanzi, amene anadzipereka okha, kuti awatsuke pang'ono m'mapapo ndi kuunika madziwo pa makina okuzira zinthu. M'mapapo mwa munthu muli maselo amene ntchito yawo ndi kumeza zonyansa zolowa ndi mpweya, ndipo m'kati mwa maselo amenewa anapeza timadontho takuda ta mwaye, kuchuluka kwake kukutsata mtundu wa moto umene munthuyo ankaphikira ndiponso mtundu wa nyale imene ankaunikira kunyumba. Anasindikiza zimenezi m'chaka cha 2009. Ine nkhani ya nyaleyi imandikhudza mtima koposa, chifukwa koloboyi amayaka m'chipinda chotseka, pafupi ndi nkhope ya mwana wa sukulu amene waweramira kope lake, ndipo ife tinkangoona mphuno zakuda m'mawa nkumati akasambe.

Pafupi ndi ife pano, m'boma la Machinga pamodzi ndi la Kasungu, Pamela Jagger, amene panthawiyo anali wa yunivesite ya North Carolina, ndi Charles Jumbe wa ku Bunda anachita kafukufuku amene ndimamukonda chifukwa analemekeza nzeru za anthu a kumudzi. Anafika m'nyumba 383 nkuika patsogolo pa eni nyumba zinthu ziwiri za mtengo wofanana, mbaula yadothi mbali ino, shuga ndi mchere mbali inayo, nkuwauza kuti asankhe chimodzi. Mwa nyumba 100 zilizonse, 66 zinasankha mbaula. Amene amanena kuti mayi wa kumudzi sasamala za utsi ndi za nkhuni, kapena kuti angaone za lero zokha, ayambe wasinkhasinkha chiwerengero chimenechi. Jagger yemweyo ndi anzake, atafunsa ophika m'nyumba 655, anapezanso kuti ophikira nkhuni ndi zotsalira za m'munda, monga mapesi ndi zitsononkho, ankadandaula kupuma mobanika, kupweteka pachifuwa, chizungulire ndi kuyabwa kwa maso kuposa ophikira makala. Taonani tsono mmene kutha kwa mitengo kumabalira matenda: nkhuni zabwino zikasowa, mayi amatola chilichonse chimene chingayake, ndipo chimene chimayaka movuta ndicho chimafuka kwambiri.

Chachitatu, ndipo apa ndipempha kuti munditchere khutu bwino, pakuti ndipo pagona nkhani yanga yonse. Ophunzira ataona zonsezi anaganiza monga tikadaganizira ife, kuti ngati utsi wa pamafuwa ndiwo ukudwalitsa ana chibayo, tipatse amayi mbaula yabwino koposa, ndipo chibayo chichepa. Kuyambira kumapeto kwa 2013 mpaka 2016, gulu lotsogozedwa ndi Kevin Mortimer wa sukulu ya zamankhwala ya ku Liverpool, mogwirizana ndi ofufuza a kuno kwathu, linayesa ganizo limeneli m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi ku Karonga, m'nyumba 8,626 momwe munali ana 10,750 osakwana zaka zisanu. Midzi inagawidwa pawiri mwa maere. Theka linapitiriza kuphika pamafuwa, ndipo theka linalo linalandira mbaula zachitsulo za Philips, ziwiri pa nyumba, zokhala ndi kafani kouzira moto koyendera mphamvu ya dzuwa, mbaula zimene poziyesa m'nyumba zoyesera za akatswiri zinkaoneka kuti zimachotsa utsi pafupifupi wonse. Kwa zaka ziwiri anawerenga mwana aliyense wodwala chibayo. Ndipo pamene zotsatira zinatuluka m'magazini ya madokotala ya The Lancet kumapeto kwa 2016, zinali zakuti panalibe kusiyana: kumbali zonse ziwiri, pa ana 100 alionse, chibayo chinkagwira pafupifupi ka 16 pa chaka. Chimene chinachepa ndi kupsa kwa ana ndi moto, ndipo chimenecho si chaching'ono; koma chibayo, chimene ndalama zonsezo zinkasaka, sichinasunthe.

Ine ndimawalemekeza anthu amenewa, chifukwa atagwira ntchito yaikulu chotere sanabise kuti chiyembekezo chawo chalephera, koma anaima poyera ndi kuuza dziko choonadi. Ndipo kafukufuku wonena zoona, ngakhale zowawa, aposa malipoti khumi okometsera. Nanga chinachitika n'chiyani? Mbali ina ya yankho inachokera kwa Andrew Grieshop ndi ophunzira ake a yunivesite ya North Carolina State, akatswiri a tizidutswa ta mu utsi, amene ananyamula makina awo nkukayeza utsi m'makhitchini enieni a m'midzi ya Malawi, mayi akuphika monga aphikira masiku onse, ndi nkhuni zimene wapeza tsikulo. Anasindikiza m'chaka cha 2017 kuti mbaula ya Philips ija, imene inaposa zonse, inkachepetsa tizidutswa ta utsi ndi magawo 45 okha pa 100, kutali ndi zimene zinkaoneka m'nyumba zoyesera, chifukwa nkhuni za kumudzi zimakhala zina zaziwisi, zina zazikulu, ndipo moto wa mayi wotanganidwa suyaka mofanana nthawi zonse. Onjezanipo kuti mbaula zinkawonongeka, ndi kuti mphika waukulu wa nyemba kapena wa madzi osamba unkabwerera pamafuwa.

Koma mbali yaikulu ya yankho ndi iyi, yakuti mwana sapuma mpweya wa m'khitchini ya amake yokha. Amapuma mpweya wa mudzi wonse. Ndibwerezenso: amapuma mpweya wa mudzi wonse. Tiyeni tiwerenge moto umene umayaka m'dera lathu lino m'chilimwe chimodzi. Pali mauvuni a njerwa amene amafuka usana ndi usiku pafupi ndi nyumba zogona. Pali mauvuni a makala m'mapiri. Pali nsomba zowamba m'madooko a ku Malombe ndi laimu wootcha ku Chenkumbi. Pali mitengo ya thonje ndi mapesi amene timaunjika ndi kutentha posa m'minda. Pali moto wa anyamata osaka mbewa, umene umayamba ndi kachitsa kamodzi nkutha tchire lonse. Pali zinyalala za pamsika zosakanikirana ndi majumbo ndi mabotolo apulasitiki. Ndipo pali fodya wa bambo amene akusuta mwana ali pamiyendo. Utsi wonsewu sudziwa malire a munda kapena mpanda wa nyumba. Sudziwa ngakhale malire a dziko, pakuti mu Ogasiti ndi Seputembala 2000 ophunzira a mayiko ambiri, pa kafukufuku wotchedwa SAFARI 2000, anauluka ndi ndege zoyezera mpweya kumwera kwa Africa kuno, naona utsi wa moto wa m'tchire wa mayiko athu ano utasonkhana kukhala mtsinje waukulu wa mumlengalenga, wotsikira kunyanja ya mchere ya India. M'midzi ya ku Mulanje ndi pa Bunda, kumene Ashley Bittner ndi anzake anapachika timakina toyezera mpweya wa panja kuyambira 2017 mpaka 2018, mpweya wa pabwalo pa mudzi unkaipa m'mawa ndi madzulo, nthawi imene nyumba zonse zasonkha moto. Chotero mayi mmodzi angagule mbaula yabwino, nachita zonse molongosoka, koma ngati oyandikana naye akufukiza, mwana wake adzatsokomola ndithu. Mutu umodzi susenza denga.

Wina asatuluke muno nkumakanena kuti mlendo uja wati mbaula ndi zachabe. Iyayi. Chitetezo Mbaula, imene magulu a amayi a m'boma lino la Balaka anaphunzira kuumba ndi dothi lathu lomwe mothandizidwa ndi bungwe limene linkatchedwa Concern Universal, ndiponso imene boma m'chaka cha 2013, nthawi ya Pulezidenti Joyce Banda, linaiika pamtima pa cholinga chofikitsa mbaula 2,000,000 m'nyumba za anthu pofika 2020, imasunga nkhuni, imapeputsa mtolo wa pamutu pa mayi, imateteza mwana wokwawa kuti asagwere pamoto, ndipo imanyamulika kupita nayo panja. Zimenezi ndi zabwino zenizeni. Chimene ndikukana ndicho kuisenzetsa katundu amene singathe, ndi kugona tulo poganiza kuti tagawa mbaula ndiye kuti nkhani ya utsi yatha.

Chachinayi, nanga ife titani? Za pakhomo ndizitchula mwachidule, pakuti zambiri mukuzidziwa kale. Nkhuni ziwazidwe ndi kuumitsidwa mvula isanayambe, zisungidwe pouma. Kukakhala kopanda mvula phikirani panja, ndipo khitchini ikhale ndi mazenera awiri oyang'anana kuti utsi upeze njira. Mwana atsike kumbuyo nthawi yosonkha moto, amugwire wina kutali ndi utsi, ndipo abambo, ntchito imeneyi si yochititsa manyazi. Nandolo ndi nyemba zouma zinyikidwe m'madzi usiku kuti zisadye nkhuni tsiku lonse. Jumbo isakhale choyatsira moto. Mbaula ya makala isalowe m'chipinda chotseka m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye, chifukwa makala amatulutsa mpweya wina wakupha, wopanda fungo ndi wopanda mtundu, umene umagoneka banja lonse tulo tosadzuka nato. Koloboyi apume kumene nyale ya sola ingapezeke. Ndipo popeza chibayo chili ndi magwero ambiri, ana alandire katemera yense, kuphatikizapo wa chibayo amene anayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2011. Ndipo mwana akamapuma mofulumira, nthiti zikulowa m'kati, musadikire kuti kuche kawiri, thamangani naye kuchipatala.

Kwa inu a m'mayunivesite, amene mawu ano adzakupezani atasindikizidwa, kaya muli ku Zomba, ku Bunda, ku Thyolo kapena ku Blantyre, kumene ophunzira a pa Polytechnic, imene lero ndi MUBAS, anayamba kale kuyeza mpweya wa mumzindawo, pempho langa ndi ili. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo alendo a ku Liverpool ndi ku North Carolina anabweradi ndi malumo akuthwa, tiwathokoze; koma mudzi sungamete ndi lumo lobwereka masiku onse. Timakina toyezera mpweya tatsika mtengo, timayendera mphamvu ya dzuwa, ndipo ngakhale timafuna kutiyerekeza kawirikawiri ndi makina akuluakulu kuti tisaname, tingathe kupachikidwa pasukulu, pachipatala ndi pamsika wa Ulongwe, kuti tidziwe mwezi ndi ola limene mpweya wathu umaipitsitsa, ndi moto uti umene ukuuipitsa. Ndipo mukayeza, bwererani. Musatenge manambala a m'makhitchini mwathu nkukawatsekera m'mabuku a Chingerezi amene mayi wophika uja sadzawaona. Bwerani nawo pabwalo lino, muwafotokoze m'Chichewa ndi m'Chiyao, kuti eni utsi akhalenso eni nzeru yake. Inu asungwana ndi anyamata a sekondale, gwiritsitsani masamu ndi sayansi, pakuti palibe chifukwa chakuti woyeza mpweya wa kwa Kalembo azichokera kutsidya kwa nyanja mpaka kalekale, ndipo msungwana amene anakulira pamafuwa adzafunsa mafunso amene mlendo sangawaganize.

Mawu anga otsiriza apita kwa inu mafumu, eni nthaka, chifukwa mwa zonse ndatchulazi zilipo zimene mayi payekha sangazithe, koma bwalo lanu lingazithe. Ndinu amene mungagamule kuti uvuni ya njerwa imangidwe kutali ndi nyumba zogona, sukulu ndi chipatala, kumbali kumene mphepo imapita. Ndinu amene mungaletse moto wa mbewa ndi kulipiritsa woutentha, monga mulipiritsira mwini mbuzi zodya mmera wa mnzake. Ndinu, pamodzi ndi akomiti ya msika, amene mungakonze kuti zinyalala zoola zipite kudzenje la manyowa, mapulasitiki asonkhanitsidwe padera osatenthedwa pakati pa anthu, ndipo alangizi a zaulimi atithandize kuti mapesi a chimanga azibwerera m'nthaka m'malo mosanduka utsi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mapapo a mwana wa mnzako akudalira moto umene wasonkha iwe. Chonde, mafumu anga, tchire lisanaume chaka chino itanitsani misonkhano m'midzi yanu, amayi apatsidwe mpata woyamba kulankhula popeza ndiwo akhala pafupi ndi moto, ndipo mudzi uliwonse utuluke pabwalo ndi lamulo lake la utsi.